Wotafunira mwana michopo ndine, koma amene akuchotsedwa pakhomo ndi amayi anga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 34. Ndimakhala ku Mtendere, ndipo ntchito yanga ndi yowotcherera zitseko ndi mageti ku Kalingalinga. M'thumba la ovolosi yanga muli mapepala awiri a ku kiliniki amene ndakhala ndikuwabisa kwa masiku asanu tsopano. Sindikudziwa kuti ndiwatulutsa bwanji.

Pakhomo pathu tilipo anayi: ine, mkazi wanga Betty amene amagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika, mwana wathu Tiza wa zaka zitatu, ndi amayi anga. Amayiwo ndinakawatenga ku Katete Tiza atangobadwa. Bambo anali atamwalira, kanyumba kawo kanagwa ndi mvula, ndiye ndinati bwerani muzitilerera mwana. Tiza wakulira kumsana kwawo. Ngakhale lero akagwa, dzina loyamba kutuluka pakamwa pake ndi la ambuya ake, osati langa kapena la mayi ake.

Kuyambira chaka chatha mwanayu wakhala akudandaula m'mimba. Amadya pang'ono n'kukankha mbale, nthawi zina kusanza, m'manja mwake mbuu. Tinamupatsa mankhwala a njoka zam'mimba kawiri, osasintha. Malungo anayeza, palibe. Dokotala anati magazi achepa, natipatsa mankhwala owonjezera magazi, koma patapita miyezi sanakwere mmene amayembekezera. Ndipamene anati tibweretse chimbudzi cha mwana akachiyeze. Zotsatira zinati ali ndi kachirombo kam'mimba kotchedwa H. pylori.

Tsiku lokamva zotsatirazo tinapita tonse. Nesi anatifotokozera kuti kachiromboka kamayenda ndi madzi oipa, manja osasamba, ndiponso malovu. Kenaka anafunsa kuti, "Kuli munthu ku nyumba amene amamutafunila vakudya uyu mwana?" Aphungu, Betty anangotembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana amayi anga.

Chifukwa chake n'chakuti Tiza ali ndi miyezi isanu ndi itatu, Betty anawapezerera amayi akumutafunira nsawa. Panali mkangano tsiku limenelo, amayi anapepesa, ndipo ine ndikudziwa kuti sanabwerezenso. Koma Betty saiwala kanthu. Titangotuluka pageti la kiliniki anayamba, anthu akumva: "Ba mai, sininakuuzeni kuti muleke vija va ku munzi? Onani manje, mwanidwalitsila mwana!" Amayi anangowerama n'kukonza chitenje chawo. Pofika kunyumba nkhani inali itagamulidwa kale: mwezi uno ukatha amayi abwerere ku Katete, Tiza azikasiyidwa ku nasale. Panopa sawalola ngakhale kumupatsa madzi akumwa.

Tsopano ndikuuzeni zimene Betty sakudziwa.

Kuyambira nthawi imene kunagwa kolera kuno, Betty anakhazikitsa lamulo lakuti mwana asalawe chakudya chilichonse cha pamsewu. Ine ndinavomera ndi mutu. Koma Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, iye amatsala ku kwaya, ine n'kunyamula Tiza paphewa kulowera kunyumba. Panjira pali mnzanga Katongo amene amawotcha michopo, nyama ya mbuzi ija ya pachitsulo yothira anyezi ndi tsabola. Tsiku lina, Tiza ali ndi chaka chimodzi ndi mano anayi okha, anatambasula dzanja ndikudya. Nyama ya Katongo ndi yolimba, imatopetsa nsagwada ndi wamkulu yemwe. Ndinatafuna kachidutswa mpaka kufewa, ndinatulutsa, n'kumuika m'kamwa. Mmene anasekera tsiku limenelo! Kuyambira pomwepo chakhala chizolowezi chathu, zaka ziwiri zathunthu. Tikangoyandikira utsi uja amayamba kundimenya pamutu: "Dadi, nitafunileni." Tikamaliza ndimamupukuta pakamwa ndi mpango n'kumugulira switi kuti fungo lisamveke. Ndinamuphunzitsa kuti ichi n'chinsinsi cha Tiza ndi dadi, ndipo mwana wa zaka zitatu wachisunga bwino kuposa akuluakulu.

Ine ndemwe m'mimba simuli bwino kwa zaka zambiri. Chilungulira, kugeya, kutentha pansi pa chifuwa makamaka ndikachedwa kudya. Kuntchito tonse timangoti ndi gasi. Ndimasungunula soda wophikira m'madzi n'kumwa, kapena kugula mkaka, tsiku n'kupita. Msana ukandivuta chifukwa chonyamula zitsulo ndimameza bulufeni, nthawi zina m'mimba mulibe kanthu. Sindinaganizepo kuti ameneyo ndi matenda okhala ndi dzina.

Betty ndiye anaumirira kuti amayi akayezedwe. Anati, "Batate ba Tiza, bapelekeni, nifuna ba neba bonse baone pepala." Iye mwini anakana kuyezetsa, akuti m'mimba mwake simunamupwetekepo chibadwire. Ndinawaperekeza amayi. Dokotala atandimva ndikugeya anandifunsa mafunso angapo, nati nanenso ndisiye chimbudzi changa kuti achiyeze. Ndinasiya mongoseka.

Lachinayi ndinapita ndekha kukatenga zotsatira. Pepala la amayi likuti alibe kachirombo. Langa likuti ndili nako.

Ndinafunsa munthu wopereka zotsatira pawindo kawiri ngati mapepala sanasinthane, mpaka anakwiya. Ndinatuluka n'kukhala pamwala kunja kwa kiliniki pafupifupi ola lathunthu, minibasi zikungondiimbira mahutala. Mankhwala anandilembera, a masabata awiri, koma sindinayambe kumwa, chifukwa Betty akawaona afunsa. Ndinawasiya kuntchito m'bokosi la zida. Kunyumba ndinanama kuti makina awonongeka, zotsatira sizinatuluke.

Chimene chandimaliza ndi cha dzulo masana. Ndinabwera kudzatenga chakudya, n'kuwapeza amayi akupinda zovala zawo kuika m'chikwama chachikulu chija cha ukwa. Ndinaima pakhomo. Iwo osandiyang'ana n'komwe anati: "Za michopo ndikuzidziwa kuyambira kale. Ukuganiza kuti madiresi a pa Sabata amachapa ndani? Mafuta a mbuzi sabisika. Koma iwe khala chete. Ine ndine mlendo pano, ndipita. Iwe ukayankhula, nyumba yako ipasuka." Amayi sadziwa kuwerenga, pepala lawo sanalione, koma asankha kunyamula mlandu wanga n'kupita nawo ku Katete kumene alibe ngakhale denga.

Ndithandizeni. Kodi ndinedi amene ndadwalitsa mwana wanga ndi pakamwa pangapa? Kodi Tiza achira, kapena ndamuwonongera m'mimba moyo wake wonse? Pafoni ndawerenga zoti kachiromboka kamabweretsa khansa, ndiye chakudya sichikutsikanso. Ndipo kodi ndimvere amayi, ndikhale chete? Betty ndimamudziwa, akamva zoti ndakhala ndikumunamiza zaka ziwiri akhoza kunyamula mwana n'kupita kwa achemwali ake ku Chawama. Mwezi watsala ndi masiku khumi.

B.P., Mtendere, Lusaka


Bambo a Tiza,

Kachirombo kanuko sikanandidzidzimutse ngakhale pang'ono. Amene mwandidzidzimutsa ndinu. Munthu wamkulu, wopinda zitsulo ndi manja, mwaima pakhomo kuonerera mayi anu akupinda zovala chifukwa cha mlandu umene pepala la m'thumba mwanu likuwachotsera? Ndinawerenga ndime imeneyo kawiri, ndipo kachiwiriko ndinavula magalasi.

Tiyambe ndi mantha anu, chifukwa ndi amene akukumangani pakamwa.

H. pylori ndi kachirombo kofala kwambiri. Pafupifupi theka la anthu padziko lapansi ali nako, ndipo m'madera ngati athu, mmene timakhala mothithikana ndi kugawana chimbudzi chimodzi mabanja asanu, ochuluka kuposa pamenepo. Ambiri amakatenga ali ana, n'kukhala nako mpaka kukalamba osamva kanthu. Mukakwera minibasi mawa, dziwani kuti si inu nokha mmenemo.

M'mimba mwa munthu muli asidi wamphamvu amene amapha tizirombo tambiri tolowa ndi chakudya. Aka n'kochenjera. Kamatulutsa madzi ake oziziritsa asidiyo pamalo pamene kali, kenaka n'kuboola n'kukabisala m'chinthu choterera chimene chimakuta khoma la chifu. Kakakhazikika mmenemo khomalo limatupa, chotetezera chija chimachepa mphamvu, ndiye asidi amayamba kuwotcha mnofu weniweni. Kwa ena zimathera pa chilungulira ndi kugeya. Kwa ena zimafika pa zilonda zam'mimba, zimene zimatha kutaya magazi pang'onopang'ono munthu osadziwa. Za khansa mwawerengazo si bodza, koma zimagwera anthu ochepa kwambiri, ndipo zimatenga zaka zambirimbiri kachiromboko kali m'mimba kosachiritsidwa. Mwana wa zaka zitatu amene wapezeka nako msanga ndipo ali m'manja mwa dokotala sali panjira imeneyo. Tiza simunamuwonongere moyo. Kachiromboka kamafa ndi mankhwala.

Nanga ndinu munamupatsira? Sindikunyengererani: n'zotheka ndithu. Kachiromboka kamatha kudutsa m'malovu, ndipo zaka ziwiri za nyama yochoka m'kamwa mwanu kulowa m'kamwa mwake ndi njira yotakata. Koma palibe dokotala angaloze munthu ndi chala n'kunena kuti ndi uyu. Kamayendanso ndi masanzi, ndi manja amene achoka kuchimbudzi osaona sopo, ndi madzi a pachitsime chimene chayandikana ndi chimbudzi chokumba, makamaka mvula ikasefukira m'makomboni mwathumu. Beseni limodzi losambamo m'manja banja lonse musanadye, mwana n'kukhala womalizira m'madzi akuda, nalonso ndi njira. Ndipo mayi a Tiza asadzitame kuti m'mimba simuwapweteka, chifukwa ambiri okhala nako samva kupweteka kulikonse. Nawonso akafunse dokotala za kuyezetsa. Koma ndikuchenjezeni: mfundo imeneyi si mwala woti mukawagende nawo. Mukayamba ndi "mwina ndiwe", mwaluza mlandu musanakhale pansi.

Za pepala la mayi anu, dokotala akafunse ngati anamwa mankhwala opha tizirombo kapena ochepetsa asidi masabata angapo asanayezedwe, chifukwa amenewo amatha kubisa kachiromboka. Ngati sanamwe, pepalalo likhulupirireni. Ndipo ngakhale likanati ali nako, munthu sathamangitsidwa pakhomo chifukwa cha kachirombo kamene theka la msika wa Mtendere likuyenda nako. Amapatsidwa mankhwala, basi.

Tsopano zochita. Choyamba, katengeni mankhwala aja m'bokosi la zida lero lomwe. Bokosi la zida silidwala zilonda zam'mimba, wodwala ndinu. Amakhala amitundu ingapo, ena opha kachirombo, ena ochepetsa asidi, ndipo amagwira ntchito pamodzi. Imwani monga anakulemberani mpaka tsiku lomaliza. Akhoza kukuwawitsani m'kamwa kapena kukutsegulani m'mimba pang'ono. Zikakula bwererani kwa dokotala, koma musangosiya nokha pa tsiku lachisanu chifukwa mwayamba kumva bwino. Kachirombo kosiyidwa pakati kamalimba, ndipo ulendo wachiwiri mankhwala omwewo sakagwiranso. Mowa muuiwale masabata amenewa. Pakatha mwezi kapena kuposerapo mutamaliza, kayezetseninso kuti mutsimikize kuti kafadi.

Bulufeni mumusiye, pamodzi ndi asipirini ndi abale awo. Pachifu chotupa kale, amenewo ndi amene amatsegula chilonda. Za msana wanu kafunseni dokotala mankhwala ena. Soda ndi mkaka zimangokugonekerani ululu kwa ola limodzi, kachiromboko kali phee.

Za Tiza, tsatirani zimene dokotala wake wanena, ndipo musayerekeze kumugawirako mapiritsi anu. Mlingo wa mwana amauyeza ndi kulemera kwa thupi lake. Mukamuuzenso dokotalayo za pepala lanu ndi za michopo, kuti adziwe zonse zimene akulimbana nazo. Apa ndipamene kukhala chete kwanu kukuopsa kwambiri. Mwana akhoza kumwa mankhwala n'kuchira, mayi anu n'kupita ku Katete, aliyense n'kuganiza kuti vuto lachoka pakhomo, pamene kachiromboko katsala m'nyumba momwemo, m'mimba mwa bambo amene akubisa mankhwala ake.

Pakhomo sinthani zinthu zing'onozing'ono. Kusamba m'manja kukhale kothirirana ndi jagi, ndi sopo, osati kuviika m'beseni limodzi. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini. Tiza akhale ndi kapu ndi supuni yakeyake, ndipo wamkulu asalawe phala ndi supuni yomweyo. Nyama ikalimba, mpeni ulipo, kamtondo kalipo. Kutafunira mwana si ufiti ndipo si uve wa kumudzi monga anenera mayi a Tiza. Ambirife tinakula choncho, makolo athu ankachita chifukwa cha chikondi pomwe analibe china chofewetsera chakudya. Lero tikudziwa zimene zimadutsa m'malovu, ndiye tisiye. Inu ndi Tiza pezani chizolowezi china cha Lamlungu, nthochi kapena lalanje losenda nokha ndi manja osamba. Ndipo chikhale chopanda chinsinsi. Mwana wa zaka zitatu asaphunzitsidwe kuti pali zinthu zimene wamkulu amamuchitira zoti mayi ake asamve. Lero ndi nyama ya mbuzi, mawa munthu wina amene simungamufune pafupi ndi mwana wanu adzamuuza mawu omwewo.

Tsopano funso lanu lenileni. Ayi, musawamvere mayi anu. Akukukondani, koma pa ichi alakwitsa, ndipo inu mukudziwa, apo ayi simukanandilembera. Akuti ndi mlendo pakhomo panu. Munthu amene wabereka mwana wanu kumsana zaka zitatu, n'kumachapa mafuta a mbuzi pa madiresi osakuululani, ndi mlendo?

Musadikire tsiku lachisanu ndi chinayi. Sankhani nthawi imene Betty wadya ndipo wapuma, Tiza ali panja. Muyambe muli awiri, chifukwa mkazi amene akuuzidwa kuti analakwira apongozi ake safuna anthu oonerera. Ikani mapepala onse awiri patebulo. Nenani zonse mwakamodzi: michopo, switi, mpango, bodza la makina owonongeka. Musachite zotulutsa pang'onopang'ono, chifukwa chilichonse chimene adzachitulukire yekha pambuyo pake chidzakhala bodza latsopano. Akalipa, ndipo ali ndi chifukwa. Mwina apitadi ku Chawama masiku angapo. Sindingakulonjezeni kuti sapita. Zikafika pamenepo itanani ankhoswe, ntchito yawo ndi imeneyo. Koma taganizani njira inayo. Tiza akukula, ndipo pakamwa pa mwana sipakhala loko mpaka kalekale. Tsiku lina mudzadutsa pa utsi wa Katongo muli atatu, iye n'kunena mokweza kuti, "Dadi, nitafunileni." Pamenepo Betty adzadziwa kuti munamunamiza, komanso kuti munamusiya athamangitse munthu wosalakwa inu mukuonerera. Bodza la michopo akhoza kukukhululukirani. Linalo ndikukayika.

Betty akadzazizira mtima, nayenso ali ndi mawu oti akanene kwa apongozi ake, ndipo popeza anawanyoza anthu akumva, kupepesako kusakhale konong'ona. Koma zimenezo musamulamule. Yambani ndinu kupepesa, kwa onse awiri, iye aonere kwa inu.

Chenjezo langa lomaliza ndi ili: inu kapena Tiza mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi kapena zinthu zooneka ngati masese a khofi, kupweteka kwadzaoneni kwa m'mimba, kapena chizungulire chofuna kugwetsa munthu, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, osayamba mwasungunula soda. Dziwani kuti mankhwala owonjezera magazi nawo amadetsa chimbudzi, koma zimenezo akasiyanitse ndi dokotala, osati inu.

Ndipo chikwama cha ukwa chija musawasiye mayi anu achimasule okha. Mukatha kuyankhula ndi Betty, lowani m'chipindamo, mugwade, mutulutse zovalazo chimodzichimodzi ndi manja anu, n'kuzibwezera pamene zinali.

Aphungu